Kwanu nkuti? Mafunso ndi mayankho pa nkhani zopeka za anthu obwera m'maiko a eni

Mlendo akafika pakhomo, tikatha kumulonjera timafunsa kuti, "Nanga kwanu nkuti?" Ambiri a ife sitivutika poyankha. Timatchula mudzi, mfumu ndi boma, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma alipo anthu amene funsoli limawatsamwitsa: wobadwira ku London makolo ake ali a ku Jamaica, mmwenye amene agogo ake anaikidwa m'manda ku Nairobi, mtsikana wa ku Zimbabwe amene wakulira m'chisanu cha ku Michigan. Alembi ochokera m'maiko amene ankalamulidwa ndi atsamunda alemba kwambiri za anthu otere. Nawa mafunso amene owerenga amakonda kufunsa pa mabuku amenewa.

Kodi tikamati nkhani za pambuyo pa utsamunda tikunena mabuku ati?

Tikunena nkhani zopeka zolembedwa ndi anthu a m'maiko amene anali pansi pa Britain, France, Portugal ndi atsamunda ena, kapena zolembedwa ndi ana awo. Liwu lakuti "pambuyo" lisakusokeretseni. Mbendera ya atsamunda inatsika, inde, koma chiyankhulo cha kusukulu, malire a maiko ndi maganizo akuti zabwino zonse zili ku Ulaya zinatsala. Mabukuwa amakamba za zotsalazo. Ena analembedwa ufulu usanabwere n'komwe: The Lonely Londoners la Sam Selvon linatuluka mu 1956, pamene dziko lakwawo la Trinidad linadzayamba kudzilamulira mu 1962. Gawo limene tikuliunika pano ndi la anthu amene anasamuka n'kukakhala kagulu kochepa pakati pa eni dziko.

Anthu amenewa anakafika bwanji kumeneko?

Ambiri anachita kuitanidwa, ndipo mfundo iyi ndiyo imawawa kwambiri m'mabukuwa. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, Britain inasowa anthu ogwira ntchito m'zipatala, m'mabasi, m'sitima ndi m'mafakitale. Lamulo la mu 1948 linati anthu a m'maiko olamulidwa ndi Britain ndi nzika zoyenera kulowa ndi kukhala m'dzikomo. Mu June chaka chomwecho sitima ya pamadzi yotchedwa Empire Windrush inakocheza pa doko la Tilbury, pafupi ndi London, itanyamula anthu ochokera ku zilumba za Caribbean. Anthuwa anaphunzira mbiri ya mafumu a ku England kusukulu, ena anamenyera Britain nkhondo, ndipo ankati akupita kwa mayi wawo. Atafika anapeza eni nyumba akukana kuwachititsa lendi chifukwa cha khungu. Mu 1958 kunabuka zipolowe ku Notting Hill, dera la mu London, anyamata achizungu akuthamangitsa anthu akuda. Mu 1962 lamulo latsopano linayamba kutseka chitseko, ndipo la mu 1968 linatsekereza ngakhale amwenye a ku Kenya amene anali ndi mapasipoti a Britain m'manja.

Andrea Levy, amene bambo ake anakwera nawo Windrush, anaika zonsezi mu Small Island la mu 2004. Hortense, mphunzitsi wa ku Jamaica woyankhula Chingerezi cha m'buku, akufika ku London n'kuuzidwa kuti maphunziro ake alibe ntchito kumeneko. Wina asaganize kuti izi ndi za makedzana. Mu 2018 zinaululika kuti boma la Britain linkatenga ana a m'badwo womwewo, anthu amene anakhala m'dzikomo zaka 40 kapena 50, ngati olowa mozemba. Ena anachotsedwa ntchito, ena anatsekeredwa, ena anathamangitsidwa m'dziko, mpaka nduna ya za m'dziko, Amber Rudd, inatula pansi udindo.

Ku France nkhani ndi yofanana, kungoti obwerawo ambiri anachokera ku Algeria, Morocco, Tunisia ndi ku West Africa. Azouz Begag, mu Le Gone du Chaâba la mu 1986, akufotokoza za mwana wa makolo a ku Algeria wokulira m'zisakasa za m'mphepete mwa mzinda wa Lyon. Mwanayo akamakhoza m'kalasi, anzake amamunena kuti wasiya kukhala Mwarabu.

Akatswiri akamati munthu ndi "wosakanikirana" amatanthauza chiyani? Kodi akunena ukaladi?

Ayi, nkhani si ya magazi. Liwu limene amagwiritsa ntchito pa Chingerezi ndi hybridity, lomwe lija timalimva tikamati chimanga cha haibulidi. Kale linali liwu la alimi ndi oweta, ndipo m'zaka za m'ma 1800 azungu ena ankanyozera nalo ana obadwa kwa makolo osiyana khungu. Homi Bhabha, wobadwira ku Bombay, analitembenuza m'buku lake la mu 1994, The Location of Culture. Iye anati zikhalidwe ziwiri zikakumana sipatuluka theka la ichi ndi theka la icho ayi. Pamabadwa chinthu chachitatu chimene onse awiri sanali nacho. Anatinso palibe chikhalidwe chimene chinayamba chakhalapo chokhachokha chosakhudzana ndi china. Stuart Hall, wobadwira ku Jamaica koma wokalambira ku Britain, ankaphunzitsanso kuti chimene munthu ali si katundu womanga kale amene amangolandira kwa makolo. Chimaumbidwa tsiku ndi tsiku, ndipo sichitha kuumbidwa.

Ife izi siziyenera kutidabwitsa. Nsapato ndi kapitawo tinatenga kwa Apwitikizi, ndege kwa Aswahili, buledi ndi sukulu kwa Angerezi, komabe palibe anganene kuti amene watchula mawuwa sakuyankhula Chichewa.

Ndiye kukhala ndi kwanu kuwiri ndi mwayi kapena tsoka?

Makolo athu anati mapanga awiri avumbwitsa. Tilinso ndi nthano ya mleme, umene mbalame zinaukana chifukwa cha mano ndi ubweya, nyama n'kuukananso chifukwa cha mapiko. Akatswiri ena a m'mayunivesite amatsutsa zimenezi. Amati wokhala pakati amaona mbali zonse, amayankhula ziyankhulo ziwiri, ndi womasuka kuposa amene sanachokepo pamudzi. Mfundoyi ili ndi choonadi chake, pajatu timati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Koma ine ndikawerenga nkhanizo, osati zimene akatswiri amanena za nkhanizo, ndimaona kuti mwayi kapena tsoka zimadalira zinthu ziwiri zouma: mapepala ndi ndalama.

Taonani Americanah la Chimamanda Ngozi Adichie, la mu 2013. Ifemelu ndi Obinze anadziwana ali ku sekondale ku Nigeria, onse ophunzira, onse olota zakunja. Ifemelu akupita ku America ndi chilolezo cha sukulu, akuvutika koopsa poyamba, koma kenako akupeza mapepala, ndipo kukhala pakati kukusanduka chuma chake: akulemba za tsankho monga munthu amene anadzazindikira kuti ndi "wakuda" atafika ku America, popeza kwawo khungu silinali nkhani. Obinze akupita ku England, chilolezo chake chikutha, akutsuka zimbudzi, akugwira ntchito pa dzina la munthu wina amene akumudula gawo la malipiro, ndipo akugwidwa pa tsiku la ukwati wogula n'kubwezedwa kwawo. Anthu awiri ofanana, koma wina ali ndi mapanga awiri ofunda, wina wavumbwa. Amene amatamanda kusakanikirana osatchula za mapepala akunena theka la nkhani.

N'chifukwa chiyani makolo ndi ana amakangana kwambiri m'mabukuwa?

Chifukwa sakudwala nthenda imodzi. Kholo lili ndi kwawo kumene linakusiya, limakukumbukira, mwina limamangako nyumba. Mwana alibe kumene anasiya. Kwawo ndi komweko kumene akumufunsa tsiku lililonse kuti anachokera kuti.

Zadie Smith anaionetsa bwino nkhaniyi mu White Teeth la mu 2000. Samad Iqbal, wa ku Bangladesh, woperekera zakudya m'lesitilanti ku London, ali ndi ana amapasa, Magid ndi Millat. Poopa kuti England imuonongera ana, akutumiza Magid kwawo kuti akaleredwe m'chipembedzo ndi mwambo; ndalama zangokwanira mmodzi. Patapita zaka Magid akubwerako ali Mngerezi woposa Angerezi, wosapembedza, wokonda malamulo ndi sayansi. Millat, amene anatsala ku London akusuta ndi kuthamanga ndi atsikana, ndiye akulowa gulu la achinyamata achisilamu olusa. Samad amandimvetsa chisoni kwambiri. Bangladesh imene ankafuna kuti mwana wake akaipeze inali ya m'mutu mwake, ya chaka chimene iye anachoka. Dziko lenilenilo linapitirira kusintha iye kulibe. Ndipo mkwiyo wa Millat sunachokere ku Bangladesh, kumene sankakudziwa n'komwe. Unabadwira m'misewu ya London momwemo.

Karim Amir, mwininkhani wa The Buddha of Suburbia la Hanif Kureishi la mu 1990, bambo ake ndi mmwenye, mayi ake ndi mzungu, ndipo sanapondepo ku India. Atapeza mwayi wochita zisudzo, akumupatsa mbali ya Mowgli, kamnyamata ka m'nkhalango, akumupaka mafuta odetsa khungu n'kumuuza kuti aziyankhula Chingerezi cha chimwenye. Akumulipira kuti akhale mlendo amene azungu akufuna kumuona. Bambo akenso, amene kwa zaka zambiri ankayesetsa kufanana ndi Angerezi, akuyamba kutchuka pamene akudzisandutsa mphunzitsi wa nzeru za kum'mawa m'nyumba za azungu. Apa mabukuwa akutiuza chinthu chowawa: nthawi zina eni dziko sakuuza mlendo kuti asinthe, akumuuza kuti akhale mlendo mpaka kale.

Bwanji nkhani ya maina imabwerabwera?

Dzina ndilo loyamba kugwidwa pachipata. Mu The Namesake la Jhumpa Lahiri, la mu 2003, banja la Chibengali ku Massachusetts likudikira kalata ya agogo ochokera ku Calcutta yokhala ndi dzina la mwana. Kalatayo ikusokera. Achipatala sangatulutse khanda lopanda dzina, choncho bambo akulemba dzina longoitanira pakhomo, Gogol, la mlembi wa ku Russia amene buku lake linamupulumutsa pa ngozi ya sitima. Mwanayo akukula akudana ndi dzina limene si la ku India, si la ku America. Ife amene timadziwa dzina la paubwana, la kuchinamwali, la ubatizo ndi mfunda, tikumva msanga kuti dzina lolakwika pamalo olakwika limapweteka bwanji.

Abdulrazak Gurnah, wobadwira ku Zanzibar mu 1948, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2021, akuifikitsa nkhaniyi patali mu By the Sea la mu 2001. Nkhalamba Saleh Omar ikutera pa bwalo la ndege la Gatwick ku England ndi pasipoti ya dzina la munthu wina amene anamwalira, ikunamizira kusadziwa Chingerezi chifukwa inalangizidwa kuti wothawa kwawo wosayankhula savuta kumulandira. Chuma chake chonse ndi kabokosi ka lubani wonunkhira. Woona zolowa m'dziko akumulanda kabokosiko, ndipo akumuuza kuti makolo ake nawonso anali othawa kwawo ku Romania, koma iwo anali ndi ufulu wobwera popeza anali a ku Ulaya. Chochitikachi chimandikhudza kuposa ndime zambiri za akatswiri. Mwana wa obwera waima pachipata kutsekereza wobwera mnzake, ndipo nkhalamba yataya dzina, liwu ndi fungo lakwawo pa tsiku limodzi.

Nanga chiyankhulo? Bwanji ambiri amalemba m'chiyankhulo cha atsamunda omwewo?

Ena alibe chiyankhulo china cholembera, ena akufuna kumvedwa ndi anthu amene akukhala nawo. Chofunika kuona ndi chimene amachichita Chingerezicho. Selvon anayamba kulemba The Lonely Londoners m'Chingerezi cha kusukulu, koma nkhani inakana kuyenda. Atailemba m'kayankhulidwe ka ku Caribbean, osati m'zokambirana za ampangankhani zokha koma m'mawu a wofotokoza nkhani yemwe, inayenda. Choncho London yonse, kuyambira pa siteshoni ya Waterloo pamene Moses, mkhalakale wa mumzindawo, akukachingamira Galahad wongofika kumene kuchokera ku Trinidad, mpaka m'kachipinda ka ku Bayswater m'mene anyamata amasonkhana Lamulungu m'mawa kukumbutsana zakwawo, tikuiona ndi maso awo ndi kuimva ndi lilime lawo. Anthu amene anakanizidwa nyumba anautenga mzindawo ndi pakamwa.

Brian Chikwava wa ku Zimbabwe anachita zofanana mu Harare North la mu 2009. Dzina la bukulo ndi limene Azimbabwe anaipatsa London chifukwa cha kuchuluka kwawo kumeneko, ndipo wofotokoza nkhani amayankhula Chingerezi chothyokathyoka chimene mlembi anachiumba dala. Ifemelu uja nayenso akuphunzira kutafuna mawu ngati Mmereka, kenako tsiku lina atayamikiridwa pafoni kuti akumveka ngati mbadwa, akuchita manyazi kuti wanena zikomo, ndipo akubwerera ku kayankhulidwe kakwawo.

Kodi obwera onse m'mabukuwa ndi opita ku Ulaya ndi ku America?

Ayi, ndipo apa ife Aafirika tiyenera kuwerenga modzichepetsa, popeza m'mabuku ena eni dziko ndife. M.G. Vassanji anabadwira ku Nairobi mu 1950, anakulira ku Dar es Salaam, ndipo amakhala ku Canada. The In-Between World of Vikram Lall la mu 2003 limakamba za mdzukulu wa mmodzi mwa amwenye amene anabwera kudzamanga njanji yochokera ku Mombasa kukafika ku nyanja ya Victoria pakati pa 1896 ndi 1901. Vikram akukulira ku Nakuru, m'dziko la Kenya, m'nthawi ya Mau Mau, gulu limene linkamenyana ndi atsamunda, akusewera ndi ana achizungu komanso ndi mnzake wa Chikikuyu, Njoroge. Atsamunda anaika amwenye pakati, pansi pa mzungu, pamwamba pa munthu wakuda, ndipo ufulu utabwera malo apakatiwo anasanduka msampha. Vassanji sakuwayeretsa anthu akwawo. Mlongo wa Vikram, Deepa, akukondana ndi Njoroge, ndipo mayi wawo akukana kwamtuwagalu. Vikram mwiniyo akudzasanduka mkhalapakati wa katangale wa akuluakulu a boma.

Mu August 1972 Idi Amin, mtsogoleri wa Uganda pa nthawiyo, anapatsa amwenye a ku Uganda masiku 90 kuti achoke. Khonsolo ya mzinda wa Leicester ku England inafika poika chidziwitso m'nyuzipepala ya ku Uganda chowauza kuti asabwere, koma ambiri anapita komweko. Ku Malawi nakonso, m'zaka za m'ma 1970, boma la Dr Banda linachotsa amwenye a masitolo m'madera a kumudzi kuti azichitira malonda m'mizinda yokha, ndipo mabanja ambiri anasamukira ku Leicester komweko. Anthu otere ndi osamuka kawiri. India ndi dziko la agogo, Africa ndi kumene kuli mchombo wawo, ndipo ku England kapena ku Canada amaitanidwa ndi dzina la dziko limene ena mwa iwo sanaliponde.

Kodi akazi amakumana ndi zosiyana ndi amuna?

Kwambiri. Mkazi wobwera amalimbana ndi tsankho kunja, kenako akalowa m'nyumba amasenzetsedwa udindo wosunga mwambo wonse umene mwamuna akuopa kuutaya. Buchi Emecheta anafika ku London kuchokera ku Nigeria mu 1962, ndipo analera yekha ana asanu uku akuphunzira ndi kulemba. Mu Second-Class Citizen la mu 1974, Adah ndiye akudyetsa banja ndi ntchito ya m'laibulale, koma mwamuna wake Francis akumumenya ndipo akutentha buku loyamba limene iye analemba pamanja. Zotentha bukuzi zinamuchitikiradi Emecheta.

Koma musathamangire kuganiza kuti mapeto ake nthawi zonse ndi mkazi kuvula mwambo kuti amasuke. Leila Aboulela wa ku Sudan, woyamba kulandira mphoto ya Caine ya alembi a ku Africa mu 2000, analemba Minaret mu 2005. Najwa anali mwana wa munthu wamkulu m'boma ku Khartoum, wovala zachizungu, wosalabadira zopemphera. Boma litagwa, bambo ake ataphedwa, akupezeka ku London akugwira ntchito ya m'nyumba. Kumene akupeza kwawo si Sudan, si England, koma mzikiti wa ku Regent's Park ndi mpango wa kumutu. Bukuli ndimalilemekeza chifukwa limakana kuti mlendo ali ndi njira ziwiri zokha, kukhala mzungu kapena kubwerera kumudzi.

Bwanji osangobwerera kwawo?

Timati kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. Mabukuwa sakutsutsa mwambiwu, koma akufunsa kuti kwanuko kudzakulandirani ngati ndani. Mu Admiring Silence la Gurnah, la mu 1996, munthu wa ku Zanzibar wakhala ku England zaka pafupifupi 20 ndi mkazi wachizungu, Emma, ndi mwana wawo wamkazi. Kwa Emma ndi makolo ake wakhala akusimba nkhani zopeka za kwawo. Kwa abale ake sanaululepo kuti ali ndi banja. Atabwerera kukacheza akupeza amukonzera mkazi. Choonadi chikutuluka, abale akukhumudwa, ndipo pobwerera ku England akupeza Emma akumusiya. Mabodzawo sanali a munthu woipa mtima. Anali njira yokhayo imene anaiona yokhalira wovomerezeka mbali zonse ziwiri.

Fatou Diome wa ku Senegal, mu Le Ventre de l'Atlantique la mu 2003, akuonetsa mbali imene aliyense wotumiza ndalama kumudzi angaizindikire. Salie akuvutika ku Strasbourg, koma kwawo pa chilumba cha Niodior amamuona ngati wolemera, ndipo mlongo wake wamwamuna Madické akumuumiriza kuti amutengere ku France akasewere mpira. Akanena zoona za moyo wakunja, amamuyesa womana. Mu We Need New Names la NoViolet Bulawayo, la mu 2013, Darling sangabwerere n'komwe chifukwa chilolezo chake chinatha. Akatuluka mu America sadzalowanso. Akulakalaka magwafa amene ankaba ndi anzake ali ana, ndipo atayesa kudandaula za mavuto a dziko lakwawo, mnzake Chipo amene anatsala akumudzudzula kuti iye anathawa, asamalitchule dziko lake.

Ena amati mabukuwa amalembedwera azungu. Kodi n'zoona?

Dandauloli lili ndi maziko. Ambiri mwa mabuku otchukawa amasindikizidwa ku London, New York ndi Paris, mphoto zimaperekedwa komweko, ndipo kuno mtengo wake ndi woboola m'thumba. Taiye Selasi atafalitsa liwu lakuti Afropolitan mu 2005, ponena za Aafirika achinyamata ophunzira oyendayenda m'mizinda ikuluikulu ya padziko, ambiri anafunsa kuti nanga wowoloka Limpopo usiku kapena womira m'nyanja ya Mediterranean ali pati m'liwu limeneli. Nthawi zinanso anthu okambidwawo amakana chithunzi chawo. Mu 2006 ena mwa anthu a ku Bangladesh okhala kum'mawa kwa London anachita zionetsero kukana kuti filimu ya buku la Monica Ali, Brick Lane, ijambulidwe m'dera lawo, ponena kuti bukulo linawanyoza.

Komabe ine sindivomereza kuti tiwataye onse m'dengu limodzi. Selvon, Emecheta ndi Chikwava analemba za otsuka, osesa ndi ogona m'nyumba zosiyidwa. Ndipo mlembi mmodzi sangasenze mtundu wonse. Vuto limakula pamene mtundu uli ndi buku limodzi lokha lodziwika, aliyense n'kumafuna kudzionamo.

Kodi ife oyankhula Chichewa nkhanizi zikutikhudza pati?

Tinali nalo kale liwu akatswiri asanapeze lawo: mchona. Kuyambira nthawi ya msonkho wa atsamunda, amuna a ku Nyasaland ankapita ku mafamu ndi migodi ya ku Southern Rhodesia ndi ku Joni, ena wapansi, ena kudzera ku Wenela, mpaka Dr Banda anaimitsa kulemba anthu mu 1974 ndege itagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70. Ambiri anachona. Ana ndi zidzukulu zawo ku Zimbabwe anakula akuyankhula Chishona kapena Chindebele, akuvina gule wamkulu m'makomboni a m'mafamu ndi m'migodi, akutchedwa Mabhurandaya, kuchokera ku dzina la Blantyre. Mafamu atayamba kulandidwa mu 2000 ambiri anataya ntchito ndi pokhala pomwe, popeza analibe mudzi wothawirako. Kusintha kwa lamulo la unzika mu 2001 kunasiya ochuluka opanda dziko, zitupa zawo zitalembedwa kuti ndi alendo, mpaka malamulo aakulu a mu 2013 anatsegulanso njira. Oimba sungura, mtundu wa nyimbo za ku Zimbabwe, monga Nicholas Zakaria ndi Alick Macheso, amene nyimbo zawo zimasakaniza Chichewa ndi Chishona, anachokera m'mabanja otere.

Ndili mwana, amalume anga ena anabwerako ku Zimbabwe atakalamba, ali ndi ana awiri osadziwa kupereka moni wa Chichewa. Ife tinkawatcha "ana a ku Halale" ndipo tinkawaseka akalakwitsa mawu. Kumene anachokera ankawauza kuti apite kwawo ku Malawi. Mmodzi sanathe chaka, anabwerera. Nditadzawerenga za Millat ndi Karim ndili wamkulu, amene ndinamuona m'maganizo ndi msuweni wanga uja, ndipo ndinazindikira kuti pa nkhani yake mwini dziko wotseka chitseko ndinali ine.

Nthano ndi nyimbo zathu zambiri zimamuona mchona ndi maso a otsala: mkazi wodikira, mayi wolira, katundu amene wabwera naye. Za m'mtima mwa mwana wobadwira kumeneko zikudikirabe alembi athu, m'Chichewa momwemo. Wofuna kuona mmene nkhani yotere ingalembedwere kuno kummwera awerenge Welcome to Our Hillbrow la Phaswane Mpe, la mu 2001. Limakamba za mmene anthu a ku South Africa amanenera Aafirika anzawo kuti makwerekwere n'kumawaloza chala pa umbanda ndi Edzi. Kenako mmodzi mwa onyozawo, Refilwe, akupita kukaphunzira ku Oxford, akuona pa bwalo la ndege la Heathrow mmene Aafirika ena akuvutitsidwira, ndipo akukondana ndi mnyamata wa ku Nigeria. Mpe anamwalira mu 2004. Mu May 2008 zipolowe zothamangitsa alendo zinapha anthu 62 m'dzikomo, ndipo Amalawi ambiri anabwera kwawo pa mabasi ali chimanjamanja.

Ndiyambe ndi buku liti?

Ngati Chingerezi chanu n'chapakatikati, yambani ndi Second-Class Citizen. Mawu ake ndi osavuta ndipo nkhani yake siikulolani kuliika pansi. We Need New Names nalonso limayenda msanga, ndipo theka lake loyamba, la ana oyendayenda m'komboni, mudzalimva ngati la kwathu konkuno. The Lonely Londoners ndi lalifupi; muliwerenge mokweza masamba angapo oyamba kufikira khutu litazolowera kayankhulidwe kake. White Teeth ndi lalitali ndipo lili ndi ampangankhani ambiri, choncho lidikire nthawi ya tchuthi. By the Sea limafuna kufatsa, chifukwa Gurnah amaulula zinthu pang'onopang'ono ngati nkhalamba yosimba mlandu wakale wa pabanja, ndipo mpofunika kusunga m'mutu maina a anthu a m'mabanja awiri amene akukanganirana nyumba imodzi ku Zanzibar.